Madolo amene Joni imawameza

Lamlungu masana, pa mabwalo afumbi a ku Diepsloot, ku Tembisa kapena cha ku Rosettenville, Chichewa sichisowa m'mphepete mwa bwalo. Anyamata amene sabata yonse amatha ali m'magadeni, m'mashopu a ku Mayfair ndi pa zomangamanga amavala nsapato za mpira, ndipo pakati pawo sipalephera kupezeka mmodzi amene chikopa chimamumvera. Akadyetsa anthu atatu njomba n'kuponya mpira pamene palibe anaganizira, achikulire amapukusa mitu n'kunena mawu omwe aja: "Mwana uyu akanakhala ndi mwayi, bwenzi ali ku Pirates."

Mawu akuti mwayi amenewa ndimakana kuwameza osatafuna. Mukawatsegula mupezamo zinthu zowerengeka: malo amene munthu amasewera m'bwalo, mphindi zimene wapatsidwa, pepala limene sanalembetse, mwezi umene anafika, ndiponso ngati timu yake idakalipo. Mpira sukumbuka luso palokha. Umakumbuka zimene zinalembedwa, zimene zinajambulidwa, ndi zimene zili ndi anthu ozibwereza chaka ndi chaka.

Tiyambe ndi amene anafika pamwamba koma amatchulidwa mopereŵera. Diso la wochemerera limatsata mpira, kamera nayo chimodzimodzi. Koma wosewera aliyense amakhala ndi mpira pamwendo mphindi zochepa kwambiri mwa mphindi 90 zija. Nthawi yotsalayo amakhala akuthamanga, kutseka mipata ndi kukalipira anzake kuti aime bwino. Wosewera pakati wotchinga akaima pamalo oyenera, mdani saponyako n'komwe mpira kumeneko, ndiye palibe chimene chachitika choti munthu aombere m'manja. Ntchito yake ikayenda bwino siioneka. Real Madrid inagulitsa wosewera pakati wotchinga Claude Makélélé ku Chelsea mu 2003, chaka chomwe inagula David Beckham, ndipo sinatengenso ligi mpaka 2007, pamene Chelsea inatenga ligi mu 2005 itangomwetsedwa zigoli 15 zokha. Goloboyi amene anapatsidwapo Ballon d'Or ndi mmodzi yekha, Lev Yashin, mu 1963.

Zathu zomwe zili choncho. Funsani sapota wa Kaizer Chiefs ku Park Station za ligi ya 2004/05, akuuzani za Collins Mbesuma ndi zigoli zake 25. Kumbuyo kwa timu imeneyo kunali a Patrick Mabedi, omwe mu 2001 anamwetsa penate pa Ellis Park imene inapatsa Chiefs chikho cha mu Africa, chija ankachitcha Mandela Cup, atagonjetsa Interclube ya ku Angola. Chikho cha CAF chimene Chiefs ili nacho ndi chomwecho, ndipo chinabwera ndi mwendo wa Mmalawi wotchinga kumbuyo. Achinyamata ambiri a kwathu amawadziwa a Mabedi ngati mphunzitsi wakale wa Flames basi. Pa mpikisano wa AFCON ku Cameroon mu Januwale 2022, chigoli cha Gabadinho Mhango chomwetsa Morocco kuchokera kutali chinazungulira mafoni onse, ndipo n'choyeneradi. Koma masiku ochepa izi zisanachitike Flames inalepherana 0-0 ndi Senegal ya Sadio Mané, timu imene inadzatenga chikhocho. Ntchito ya goloboyi Charles Thomu ndi otchinga ngati Dennis Chembezi tsiku limenelo ndiyo inathandiza kuti pakhale masewero a Morocco oti Gaba akamwetseko. Kodi ndi angati amene amaisunga pafoni?

Ziwerengero nazo zimanamiza ngati munthu sadziwa kuziwerenga. Ligi yaikulu kuno ili ndi matimu 16, masewero 30, kutanthauza mphindi 2,700 kwa amene wasewera onse osatuluka. Tiyerekeze kuti wina wamwetsa zigoli 12 pa mphindi 2,500, mnzake wamwetsa 8 pa mphindi 900 chifukwa amalowa mochedwa. Nyuzipepala ilemba woyambayo. Koma gawani ndi 90: woyamba akumwetsa zigoli zosakwana theka pa masewero amodzi, wachiwiri akuyandikira chimodzi. Chiyambire pamene matimu analoledwa kusintha osewera asanu, anyamata a mtundu wachiwiriwu achuluka. Amaoneka ngati akusewera sabata iliyonse, koma ndi mphindi 15 apa, 10 apo, ndipo pakutha pa chaka mabwana amayang'ana zigoli zokha n'kunena kuti mlendo uja sanapindule.

Tsono pali vuto la m'badwo wonse umene palibe anaujambula. Wailesi ya kanema ku Malawi inayamba mu 1999. A Kinnah Phiri anamwetsera dziko zigoli 71, Flames inatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978, 1979 ndi 1988, inapita ku AFCON koyamba mu 1984, inatenga mendulo ya nambala 3 ku All Africa Games ku Nairobi mu 1987, ndipo pafupifupi zonsezi zinafika kwa anthu kudzera pa MBC, m'makutu. Amene anamva akutha mmodzimmodzi. Mwana wobadwira ku Hillbrow angaonere Pelé pa YouTube madzulo ano, koma a Kinnah sangawaone akuthamanga. Anzathu a ku Zambia anaziona zimenezi mu 2012. Lionel Messi atamwetsa zigoli 91 m'chaka chimodzi, iwo anatulutsa nkhani ya Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors, amene amati anamwetsa 107 mu 1972. FIFA inayankha kuti siisunga ziwerengero za maligi a m'mayiko, choncho singatsimikize. Nkhani inathera pomwepo.

Ya a Ernest Mtawali ndiye ili ndi mfundo yakeyake. Anabwera kuno nthawi ya tsankho, dziko lino litachotsedwa mu FIFA (linachotsedwa mu 1976, n'kubwezeretsedwa mu 1992), ndipo ankasewera ndi dzina loti Ernest Chirwali. Ndi dzina limenelo anatenga chikho ndi Bloemfontein Celtic mu 1985 n'kusankhidwa kukhala wosewera wopambana onse. Pambuyo pake anasewera ku Mamelodi Sundowns, ku Newell's Old Boys ku Argentina ndi ku Toulouse ku France. Munthu mmodzi, mbiri yogawika pa mayina awiri, zaka zake zokoma zili m'ligi imene dziko lapansi silinkaiwerengera. Kunena mosapsatira, wosewera pakati wa msinkhu umenewo akanabadwira ku West Africa zaka 15 pambuyo pake, bwenzi dzina lake likutchulidwa pa SuperSport mwezi uliwonse.

Chinthu china chimene kumudzi sitichidziwa bwino n'chakuti kuno matimu amafa. Maule ndi Manoma asintha mayina kangapo malinga ndi amene akuthandiza ndi ndalama, koma timu ndi yomweyo, ochemerera ndi omwewo, ndipo agogo amauza zidzukulu za madolo akale. Kuno malo a m'ligi amagulitsidwa ngati sitolo. Mpumalanga Black Aces inagulitsidwa mu 2016 n'kusanduka Cape Town City. Highlands Park ya ku Tembisa inagulitsa malo ake kwa TS Galaxy mu 2020. Chaka chomwecho Bidvest Wits, timu ya muno mu Johannesburg yoyambira mu 1921, imene inatenga ligi mu 2017 Gaba ali momwemo, inagulitsidwa n'kupita ku Limpopo. Bloemfontein Celtic, kumene Amalawi ambiri anadutsa kuphatikizapo a John Maduka, inagulitsidwa mu 2021. Limbikani Mzava anasewerako ku Celtic, ku Black Aces ndi ku Highlands Park: matimu atatu, onse anachoka m'ligi mwa kugulitsidwa. Robert Ng'ambi anali mzati pakati pa Platinum Stars imene inamaliza pa nambala 2 m'ligi ya 2012/13 n'kutenga MTN8 ndi Telkom Knockout mu 2013, mafainolo onse awiri itagonjetsa Orlando Pirates. Timuyo inagulitsidwa mu 2018 n'kusamukira ku Cape Town ndi dzina lina. Ndani tsopano angamuitane Ng'ambi pa tsiku lokumbukira akale, kumuveka jezi n'kumuimika pakati pa bwalo? Wosewera wamba wa Chiefs kapena Pirates amakumbukidwa kuposa dolo wa timu imene inatha, chifukwa kumbuyo kwake kuli mamiliyoni a pakamwa.

Amenewo ndi amene anafika. Ochuluka ndi amene anagwera pakhomo, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa zolakwika zake zimabwerezedwa chaka ndi chaka.

Timu ya m'ligi yaikulu imaloledwa kulembetsa alendo asanu okha. Malo asanuwo akulimbirana Mmalawi, Mzimbabwe, Mzambia, wa ku Namibia, wa ku Ghana, mpaka a ku South America amene Sundowns imatenga. Mwana wa kuno akhoza kukhala pa benchi zaka ziwiri akuphunzira. Mlendo ayenera kuposa mwini mudzi kuyambira sabata yoyamba. Paja mlendo ndi mame. Ndipo popeza mabwana amafuna zooneka, malo amenewa amakonda kupita kwa omwetsa zigoli. Wosewera kumbali kumbuyo wabwino wochokera ku Mzuzu amauzidwa kuti "oterewa tili nawo."

Kalendala nayo simugwirizana. Kwa zaka zambiri ligi ya kumudzi yakhala ikuyamba cha mu Epulo n'kutha mu Disembala, pamene ya kuno imayamba mu Ogasiti n'kutha mu Meyi. Wobwera mu Januwale amakhala atasewera chaka chathunthu osapuma, n'kulowa m'timu imene inadziwana kale, mwinanso ikulimbana ndi kutuluka m'ligi, mphunzitsi alibe mtima woyesa zachilendo. Wobwera mu Juni kapena Julaye amakumana ndi chisanu cha Highveld. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Blantyre ndi Lilongwe zili cha m'ma 1,000, ndipo Karonga ndi ku Chigwa cha Shire n'kotsika kwambiri. Mnyamata amakwera basi ku Blantyre, kudutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, usiku ndi usana ali chikhalire, miyendo itatupa, mawa lake 8 koloko m'mawa ali pa bwalo la udzu wothiriridwa, mpweya ukumuperewera, mpira ukutsetsereka mwaliwiro lomwe sanalizolowere pa fumbi kapena pa kapeti ya pa Kamuzu Stadium. Pakatha mphindi 20 wagwira m'chiuno. Mphunzitsi amalemba kuti alibe mphamvu, ndipo mawu amenewo amayenda pa foni kupita kwa aphunzitsi ena. Wofuna kuyesedwa afike masiku 7 mpaka 10 tsiku lisanakwane, athamange m'mawa nthawi yomwe adzayesedwe, amwe madzi ambiri chifukwa mpweya wa kuno ndi wouma, ndipo akhale ndi nsapato ziwiri, ya pouma ndi ya ponyowa, zonse zozolowera kale phazi.

M'kati mwa mayesowo, chimene chimamupatsa ulemu ku Diepsloot ndi chimene chimamugwetsa. Amafuna kuonetsa njomba zonse tsiku limodzi. Aphunzitsi akuyang'ana zina: kodi amacheuka mpira usanamufike? Akaugwira koyamba amaulozetsa kuti? Akalandidwa amathamangira kukaulanda kapena amaimika manja m'mwamba? Amalankhula? Apa ulemu wathu umatipweteka. Tinaleredwa kuti kwa eni ake sukweza mawu, ndiye wotchinga kumbuyo amatha mphindi 90 osatsegula pakamwa, pamene ntchito yake theka ndi kulamula anzake. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mawu khumi a Chizulu ndi Chingerezi a m'bwalo ndi okwanira kuti asaoneke ngati mlendo wosochera.

Kenako mapepala. Pasipoti ya Malawi imakupatsa masiku 30 ngati mlendo wodzacheza. Mayeso amatha kukoka masabata atatu, timu ina n'kunena kuti bwera kwathunso sabata ziwiri, masiku aja n'kutha. Wopitirira ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi. Wopitirira kuposa apo, zaka 5. Ndipo chilolezo cha mlendo sichisinthidwa kukhala cha ntchito uli konkuno, umayenera kubwerera kukapempha uli kumudzi. Tsono taganizani mnyamata wa zaka 22 amene timu yamufuna, akupita kukatenga pemiti, pa Beitbridge n'kumudinda zaka 5. Podzabwera ali ndi 27. Ena poopa zimenezi sabwereranso n'komwe, amangolowa m'tauni, kupeza ganyu, mpira n'kukhala wa Lamlungu. Ambiri mwa madolo a m'mabwalo afumbi aja nkhani yawo ndi imeneyi.

Palinso chikalata chosamutsira wosewera kupita dziko lina chotchedwa ITC, chimene FAM imatumiza ku SAFA, bungwe la mpira la kuno, kudzera pa makina a FIFA. Aliyense amene analembetsedwapo ku Malawi, ngakhale m'ligi ya m'chigawo, amafunika chikalata chimenechi asanalembetsedwe kuno, ngakhale timu yake ikhale yosalipira. Ngati anachoka kontrakiti isanathe, osatsanzika, timu yakale ili ndi poyambira kukana. Wosakwana zaka 18 ndiye FIFA siilola n'komwe kuti asamukire dziko lina chifukwa cha mpira, kupatula pa zifukwa zochepa, monga pamene makolo asamuka pa nkhani zosakhudza mpira. Njira yachidule yogula dzina la kuno kapena kudula zaka imaoneka yokoma miyezi yoyamba, koma tsiku limene mnyamatayo watchuka ndi tsiku lomwe wina wa kwawo amuzindikira pa kanema.

Mipikisano ya pa tchuthi, monga Philly's Games ku Tembisa mu Disembala kapena Maimane Phiri Games ku Alexandra (dzina la Phiri lisakusokonezeni, ameneyo anasewerera Bafana Bafana ku World Cup ya 1998), imakoka anthu ambiri, ndalama zimaperekedwa pamanja, ndipo ofufuza osewera amabweradi. Koma zigoli za kumeneko sizilowa m'kaundula aliyense. Wofufuza akafunsa kuti "unalembetsedwa kuti zaka zitatu zapitazi?" yankho likakhala loti palibe, amasiya. Yerekezani ndi Tabitha Chawinga, amene anayambira m'ligi yapansi ku Sweden mu 2014. Inali ligi yaing'ono, koma chigoli chilichonse chinkalembedwa, ndipo pofika 2017 anali womwetsa zigoli zambiri m'ligi yaikulu ya dzikolo ngakhale timu yake inatuluka. Timu ya m'dera yolembetsedwa pa MySAFA, kaundula wa osewera wa SAFA, ngakhale yosalipira osewera kanthu, imasiya mapazi amene bonanza ya R5,000 siisiya.

Amene wasaina nayenso asagone. Makontrakiti ambiri a alendo amakhala a chaka chimodzi kapena ziwiri, ndi mawu akuti timu ikhoza kuwonjezera chaka china. Mphamvu yowonjezerayo ndi ya timu, si ya wosewera. Mtsempha wa m'kati mwa bondo, umene madokotala amautcha ACL, ukaduka pamafunika opaleshoni ndi miyezi pafupifupi 9. Ukaduka mu Okutobala pa kontrakiti yotha mu Juni, mnyamatayo amachira ntchito itatha, pemiti yomangidwa pa timuyo itathanso. Asanasaine afunse ngati ndalama yolembedwayo ndi ya msonkho usanachotsedwe kapena utachotsedwa, ndani akulipira nyumba, ndalama yosainira idzabwera m'magawo angati ndi pa masiku ati, ndipo atenge kope yake yosainidwa tsamba lililonse. Malipiro akasiya kubwera, asangonyanyala n'kusiya kupita kokonzekera, chifukwa pamenepo wolakwa amasanduka iyeyo. Malamulo a FIFA amati malipiro a miyezi iwiri akapanda kuperekedwa, wosewera alembe kalata yopatsa timu masiku 15. Akadutsa osalipidwa, ali ndi ufulu wothetsa kontrakiti n'kukadandaula. Dandaulo lopitirira zaka 2 silimvedwa. SAFPU, bungwe la osewera kuno, lilipo pa ntchito imeneyi. Mlendo amene sadziwa izi amatha miyezi 6 akudikira lonjezo la pakamwa, osasewera, ndipo dzina losaoneka pa mndandanda kwa theka la chaka limafufutika msanga.

Kusalemba kumeneku kumadyetsanso njala matimu ang'onoang'ono a kumudzi. Wosewera akagulitsidwa ali ndi kontrakiti, 5 pa 100 iliyonse ya ndalamazo imayenera kugawidwa kwa matimu amene anamulera kuyambira zaka 12 mpaka 23. Pa R2 miliyoni, imeneyo ndi R100,000. Koma imapita kwa okhawo amene akuoneka m'kaundula. Kochi wa ku Ndirande kapena ku Chibavi amene anamugulira nsapato zoyamba, ngati sanamulembetse ku FAM, salandira kalikonse, ndipo m'mbiri ya mnyamatayo zaka zimenezo zimangokhala mpata wopanda kanthu.

Kwa abale amene muli ndi mng'ono kapena mwana wa mlongo wanu amene mukuona kuti ali ndi mwendo, ntchito imene mungathe Lamlungu likubwerali ndi yojambula. Musatumizire anthu kavidiyo ka mphindi zitatu ka njomba zokhazokha kokhala ndi nyimbo; ofufuza amakatseka msanga. Amafuna masewero athunthu, atatu kapena kuposa, limodzi mwa iwo likhale lomwe timu yake inagonja. Foni igone chopingasa, ikhale pa choimikira pa mzere wa pakati, pamalo okwera ngati pa bakkie, ndipo isatsate mnyamatayo yekha koma ionetse mbali yaikulu ya bwalo kuti aoneke zimene amachita mpira uli kutali. Mphindi 90 zimadya malo a pakati pa 6 ndi 12 GB, choncho fufutani zina usiku wake ndipo tengani power bank. Pa kope lembani tsiku, bwalo, timu yolimbana nayo, nambala ya jezi, malo amene wasewera, mphindi imene walowa ndi imene watuluka. Poika pa YouTube lembani dzina monga lilili m'pasipoti, chilembo ndi chilembo, ndipo dzina la pabwalo libwere pambuyo. Gaba amene amalembedwa pena Frank Mhango, pena Hellings, pena Gabadinho. Iye anatchuka kale, anthu amupezabe. Mnyamata wa ku Tembisa amene pa kanema ndi "Messi", pa khadi ya timu ndi Ngambi, m'pasipoti ndi Ng'ambi, kwa munthu amene akumufufuza pa kompyuta ku Chloorkop kwa Sundowns kapena ku Naturena kwa Chiefs ameneyo ndi anthu atatu osiyana.